Mlandu wa AZT: Dzina la Ndani Liyenera Kulembedwa pa Patenti?

Pa 4 Febuluwale 1985, kampani yopanga mankhwala ya Burroughs Wellcome ya ku North Carolina, m'dziko la America, inatumiza timankhwala tochepa ku labotale ya boma ya National Cancer Institute ku Bethesda. Dzina lenileni la mankhwalawo inalibisa, inangolembapo kuti Compound S. Patangopita masiku awiri, pa 6 Febuluwale, kampaniyo inali itakonza kale chikalata choyambirira chopemphera patenti, chiphaso cha boma choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chotulukiridwa kwa zaka zingapo popanda chilolezo cha mwini wake. Pa 20 Febuluwale a Samuel Broder anaimba foni kuchokera ku Bethesda kunena kuti Compound S uja akulepheretsa kachilombo ka HIV kuwononga maselo a munthu. Mankhwalawo anali AZT, ndipo masiku atatuwa, 4, 6 ndi 20, ndi amene anadzagamula mlandu wa pakati pa Burroughs Wellcome ndi Barr Laboratories patatha zaka pafupifupi khumi.

Ine ndine loya, ndipo mbali ina ya ntchito yanga ndi kuthandiza anthu ofuna kuteteza zinthu zomwe atulukira. Pa fomu iliyonse yopemphera patenti, kaya ikupita ku ofesi ya m'dziko kaya ku ARIPO, ofesi ya mapatenti ya maiko angapo a mu Africa yomwe ili ku Harare, pamakhala malo olembapo dzina la wotulukira. Ambiri kamzere kameneka amakaona kophweka. Ine ndaona kakudanitsa anthu amene anadyera mbale imodzi zaka zambiri, mpaka kusiya kupatsana moni. Ndikafuna kufotokozera munthu chimene lamulo limayang'ana pamenepa, ndimayambira pa mlandu wa AZT. Mankhwalawa ambiri a ife tinawaona m'makomo mwathu, pa kabati ya m'bale wodwala kapena m'manja mwa mayi woyembekezera, choncho nkhani yake siimveka yakutali. Komanso chigamulo chake chimawawa, ndipo kuwawako n'kumene kumathandiza munthu kumvetsa lamuloli.

Mankhwala akale, ntchito yatsopano

AZT sanayambe ndi Burroughs Wellcome. Anawapanga koyamba ndi a Jerome Horwitz ku Detroit mu 1964, akufunafuna mankhwala a khansa. Pa khansa sanathandize, ndipo a Horwitz anawasiya osatengera patenti. Mu 1974 a Wolfram Ostertag ku Germany anaonetsa kuti AZT amaletsa kuswana kwa kachilombo kena kogwira mbewa, koma nthawi imeneyo dzina loti Edzi linali lisanamveke. Ndiye pofika 1984 panalibe munthu amene akanati mankhwalawo ndi akeake. Chimene chikanatheka kutengera patenti chinali kagwiritsidwe ntchito kake katsopano: kumwetsa AZT munthu amene ali ndi HIV, pa mlingo wakutiwakuti, m'njira yakutiyakuti.

Zitadziwika kuti Edzi imayamba ndi kachilombo ka mtundu wa retrovirus, Burroughs Wellcome inayamba mu 1984 kuyesa mankhwala osiyanasiyana omwe inali nawo. Kachilombo kamoyo ka HIV kampaniyo sinkakagwira. Inkayesera pa tizilombo tiwiri ta mbewa ta banja lomwelo, ka Friend ndi ka Harvey. Pa 29 Okutobala 1984 mayi Janet Rideout, katswiri amene anali atagwirapo kale ntchito ndi AZT pofufuza mankhwala opha mabakiteriya, anasankha AZT pamodzi ndi mankhwala ena kuti ayesedwe. Anayesa ndi mayi Martha St. Clair. Kayesedwe kake n'kotere: maselo amayalidwa m'timbale, kenako amathiramo kachilombo, ndipo paliponse pamene kachilombo kapha maselo pamaoneka kadzenje. Woyesa amawerenga timaenjeto. M'timbale ta AZT mayi St. Clair sanapezemo kadzenje ngakhale kamodzi, moti poyamba anaganiza kuti mwina aiwala kuthiramo kachilombo. Atabwereza, zotsatira zinali zomwezo.

Pa 5 Disembala 1984 akatswiri a kampaniyo anakumana n'kukambirana zotengera patenti kagwiritsidwe ntchito ka AZT pa Edzi. Chikalata cha pa 6 Febuluwale chija chinachokera pamenepo. Munalembedwa kuti AZT agwiritsidwe ntchito pa anthu a HIV, munali kapangidwe kake, mitundu yomwe angaperekedwere ndiponso milingo yake.

Ku Bethesda nako anthu sanali kugona. A Broder ndi a Hiroaki Mitsuya, dokotala wochokera ku Japan, anali ndi chinthu chimene Burroughs Wellcome inalibe: maselo a chitetezo cha m'thupi la munthu otchedwa ATH8, omwe ankafa msanga akakumana ndi HIV, kotero kuti mankhwala oteteza maselowo ankaonekera poyera. Ankagwira kachilombo kamoyo pa nthawi imene anthu ambiri ankaopa ngakhale kulowa m'chipinda chimene kali. A Broder anavomera kumayesa mankhwala a makampani mosadziwa maina ake. Kalata yoperekeza Compound S analemba ndi mayi Sandra Lehrman, ndipo inafotokoza zomwe zinaoneka pa tizilombo ta mbewa n'kupempha kuti ayese pa milingo inayi. A Mitsuya anayesa chapakati pa Febuluwale. Uthenga wabwino utafika, kampaniyo inakapereka pempho lake la patenti ku Britain pa 16 Malichi 1985.

Zotsatira zake n'zodziwika. Mu Julayi 1985 a Broder ndi a Robert Yarchoan anayamba kupereka AZT kwa odwala oyamba, ndipo mwezi womwewo anaona kuti asilikali a m'thupi mwa odwala awiri ayamba kuchuluka. Kafukufuku wamkulu wa 1986, wa anthu 282, anaimitsidwa msanga chifukwa mwa amene sankalandira AZT anamwalira 19, pamene mwa olandira anamwalira mmodzi. Mu Malichi 1987 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linavomereza mankhwalawa, ndipo anayamba kugulitsidwa pa dzina loti Retrovir, pa mtengo wa madola pafupifupi 10,000 pa chaka kwa munthu mmodzi. Pa mapatenti panalembedwa maina asanu a antchito a kampani: Rideout, David Barry, Lehrman, St. Clair ndi Phillip Furman. La a Broder ndi la a Mitsuya panalibe.

Ndingotchulako pang'ono kuti dzina la Wellcome si lachilendo ku Blantyre. Bungwe la Wellcome Trust, lomwe limathandiza kafukufuku wa zaumoyo kumeneko, ndilo linali mwini wa kampaniyi pa nthawi ya Compound S, ndipo linagulitsa magawo ake otsala ku kampani ya Glaxo mu 1995.

Mmene nkhani inafikira kukhoti

Mtengo uja unakwiyitsa anthu. Mu Sepitembala 1989 a gulu la ACT UP, lomenyera ufulu wa anthu a Edzi, anakachita zionetsero mkati mwenimweni mwa msika wa masheya ku New York, ndipo patangopita masiku ochepa kampani inatsitsa mtengo. Mwezi womwewo a Broder, a Mitsuya, a Yarchoan ndi anzawo awiri a ku yunivesite ya Duke analemba kalata mu nyuzipepala ya New York Times yokumbutsa anthu ntchito imene akatswiri olipidwa ndi boma anagwira pa mankhwalawa.

Mu 1991 kampani ya Barr Laboratories inapempha chilolezo ku FDA choti izipanga AZT wotsika mtengo. Burroughs Wellcome inaisumira ku khoti la ku North Carolina chifukwa chophwanya mapatenti 6. Kenako kampani ya Novopharm ya ku Canada nayo inalowa mu mlanduwo. Makampani awiriwa sanakane kuti mankhwala awo akugwera mkati mwa mapatentiwo. Anaima pa mfundo imodzi: maina a otulukira analembedwa operewera.

Chifukwa chimene mfundo imeneyi inalili yamphamvu chiyenera kumveka bwino. Ku America, patenti ikakhala ya anthu angapo ndipo palibe mgwirizano wina, aliyense wa iwo angathe kupereka chilolezo kwa amene wamufuna osapempha anzake. A Broder ndi a Mitsuya anali antchito a boma, choncho akanapezeka kuti ndi otulukira nawo, gawo lawo likanakhala la boma. Barr inali itatenga kale chilolezo ku boma pa gawo lililonse lomwe boma lingakhale nalo. Maina awiri okhawo akanalowa pa pepala, chitseko chikanatseguka. Novopharm inapitirira apo, inati kusiya mainawo kunali chinyengo chadala ndipo mapatenti onse athetsedwe.

Mlandu unayamba mu 1993 pamaso pa jury, gulu la anthu wamba osankhidwa kumva umboni. Patatha milungu itatu ndi masiku, jaji anauchotsa m'manja mwa jury n'kugamula yekha mokomera Burroughs Wellcome, makampani awiri aja asanaitane n'komwe mboni zawo. Iye anati ngakhale zonse zomwe mbonizo zikanadzanena zikanakhala zoona, lamulo silikanasintha yankho. Barr ndi Novopharm anachita apilo ku Federal Circuit, khoti la ku Washington lomwe limamva maapilo onse a mapatenti ku America. Chigamulo chinatuluka pa 22 Novembala 1994, ndipo analemba ndi Jaji Mayer.

Kuima kwa ganizo

Liwu lomwe makhoti a kumeneko amagwiritsa ntchito ndi conception, lomwenso limanena za kuima kwa mayi. Ine ndimalimasulira kuti kuima kwa ganizo. Wotulukira ndi munthu amene ganizo linaima m'mutu mwake: ganizo lokhazikika, lathunthu, loti munthu wina wodziwa ntchitoyo akhoza kulitenga n'kulipanga popanda kuchita kafukufuku winanso wautali. Kukhumba chabe sikukwana. Munthu amene wanena kuti "tipeze mankhwala a Edzi" sanatulukire kanthu, wangotchula vuto. Amene wanena kuti "mankhwala awa, pa mlingo uwu, kwa munthu wotere" wafikapo. Zotsatira zonse, kupanga, kuyesa ndi kutsimikiza, ndi gawo lachiwiri, losandutsa ganizo kukhala chinthu chogwirika. Mzamba amagwira ntchito yaikulu, nthawi zina moyo wa mwana umapulumukira m'manja mwake, koma pa kalata ya kubadwa salembedwa ngati kholo. Lamulo la mapatenti limaganiza chimodzimodzi.

Maloya a Barr ndi Novopharm anakana kuti pa 6 Febuluwale ganizo linali litaima. Anati kachilombo ka mbewa si HIV, ndipo katswiri aliyense wa nthawi imeneyo akanakuuzani kuti mankhwala ogwira pa mbewa kawirikawiri amalephera pa munthu. Kwa iwo chikalata chija chinali chiyembekezo chabe, cholembedwa m'chinenero cha maloya. Anakumbutsa khoti za milandu ya m'mbuyo, monga wa Amgen ndi Chugai wa 1991, yonena kuti pa sayansi yovuta kulosera, nthawi zina ganizo limaima pa tsiku lomwelo limene kuyesa kwatheka. Tsiku limenelo likakhala la mu labotale ya a Mitsuya, ndiye kuti a Mitsuya ndi a Broder anali pomwepo ganizo likuima.

Khoti linakana. Linati kuti ganizo liime, wotulukira sachita kufunika kudziwa kuti chinthu chake chigwiradi ntchito. Chikhulupiriro chake, kaya chinali champhamvu kaya chofooka, ndiponso zifukwa zimene anasankhira njira imeneyo, sizilowa m'funsoli. Chofunika ndi chakuti ganizolo linali lomveka ndi lokhazikika. Milandu ngati wa Amgen, khoti linatero, ikunena za munthu amene sangathe n'komwe kufotokoza chinthu chake mpaka atachigwira m'manja. Pa AZT zinali zosiyana: maonekedwe a mankhwalawo ankadziwika, kapangidwe kake kankadziwika, ndipo ntchito yake inali italembedwa.

Khoti linasiya mpata umodzi umene ine ndimauona wofunika kwambiri pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Linati ngati kuyesa kwa pambuyo pake kukulepheralephera, mpaka kuonetsa kuti ganizo loyamba lija linali losakhwima ndipo likufunika kusinthidwa, ndiye kuti linali lisanaime. Pamenepo amene wakonza cholakwikacho angathe kukhala wotulukira nawo. Koma pa Compound S kuyesa sikunasinthe kanthu. Kunangovomereza zimene zinali kale pa pepala.

Panalinso nkhani ya umboni. Mawu a pakamwa a wotulukira, akuti "ndinaganiza kalekale," khoti siliwalandira paokha, pamafunika china chowaikira kumbuyo. Burroughs Wellcome inali nacho: chikalata chokhala ndi deti, cholembedwa milungu iwiri foni ya a Broder isanalire.

Chimene ndimalemekeza m'chigamulochi n'chakuti sichinanyoze akatswiri a boma aja. Jaji Mayer ananena poyera kuti a Broder ndi a Mitsuya sanali manja chabe ogwiritsidwa ntchito ndi kampani. Anavomereza kuti anaonetsa luso lalikulu, kuti maselo aja anali awo, kuti mayi Lehrman sankawalamulira kayesedwe, ndipo kuti ndi anthu ochepa zedi amene akanatha kumasulira zotsatirazo. Atanena zonsezo anamaliza kuti ntchito yawo inali ya gawo lachiwiri lija, ndipo phindu lake pa lamulo linapita kwa eni ganizo. Pa mapatenti asanu, chigamulo cha khoti laling'ono chinakhala momwemo.

Patenti yotsalayo inayenda njira ina. Iyo inkateteza kugwiritsa ntchito AZT pochulukitsa maselo a chitetezo, omwe kuchipatala timawamva ndi dzina loti CD4, m'thupi la munthu wa HIV. Chikalata cha pa 6 Febuluwale sichinanenepo za kuchuluka kwa maselo amenewa, ndipo amene anakuona koyamba anali a Broder ndi a Yarchoan pa odwala awo. Majaji awiri anati apa panali funso lenileni loyenera jury, n'kubweza mbali imeneyi ku khoti laling'ono. Jaji Lourie anatsutsa, anati kuchuluka kwa maselo ndi chipatso chosapeweka cha chithandizo chomwecho, si chinthu china chapadera. Kwa Barr ndi Novopharm kupambana kumeneku sikunaphule kanthu, chifukwa mapatenti asanu aja anali okwanira kuwatsekera msika. Supreme Court ya America inakana kumva apilo yawo. Patenti yaikulu inatha mu Sepitembala 2005, ndipo ndi pamene AZT wa makampani ena analoledwa kugulitsidwa m'dzikomo.

Ku Canada nkhani yomweyi inafika ku khoti lalikulu mu 2002, pa mlandu wa Apotex ndi Wellcome Foundation. Jaji Binnie sanavomere kuti kulosera kwamwayi n'kokwanira kupezera patenti. Anati pamafunika kulosera kokhala ndi maziko, ndipo zotsatira za ku Bethesda, zomwe kampani inali nazo isanapereke pempho la pa 16 Malichi, zinali mbali ya mazikowo. Komabe pa funso la maina anafika pomwepo pamene anzake a ku America anafika: kutsimikizira ganizo la wina, ngakhale mwaluso chotani, si kutulukira.

Maganizo anga pa chigamulochi

Sindibisa, mtima wanga umakhala kwa a Mitsuya. Iwo ndi amene anaika moyo wawo pachiswe pogwira kachilombo kamene panthawiyo kanalibe mankhwala. Compound S akanalephera, kampani ikanangotsekera chikalata chija mu kabati osataya kanthu. Lamulo lotere limaoneka ngati likukondera amene ali ndi maloya okonzeka kulemba msanga.

Koma ndikaganiza za lamulo lina lomwe lingalowe m'malo mwake, ndimabwerera. Tikati aliyense wotsimikizira kuti chinthu chikugwira ntchito ndi wotulukira, ndiye kuti dokotala aliyense wa mu kafukufuku, labotale iliyonse yoyeza magazi, onse ali ndi gawo, ndipo palibe amene angayerekeze kutumiza chinthu chake kwa wina kuti amuyesere. Tikati jaji aziyeza kukula kwa chikhulupiriro cha munthu, mboni yodziwa kulankhula ndiyo izipambana. Pepala lokhala ndi deti ndi umboni wouma mtima, koma silisintha mawu likafika m'khoti. Pa mapatenti asanu aja ndikuona kuti khoti linalondola. Pa yotsalayo ndili kumbali ya majaji awiri aja, chifukwa funso la kuima kwa ganizo ndi lakuti munthu anali ndi chiyani m'mutu pa tsikulo, osati chimene chilengedwe chikanachita chokha.

Cholakwika chachikulu pa nkhani ya AZT sichinachitikire m'khoti. Chiyembekezo chonse cha Barr chinatsamira pa dzina la wotulukira chifukwa panalibe mgwirizano wopatsa boma gawo la patenti kapena mawu pa mtengo. Zinthu zimenezi zimakambidwa ntchito isanayambe, pamene mwini mankhwala akukufuna. Akuluakulu a National Institutes of Health, bungwe la boma loyang'anira labotale ya ku Bethesda ija, anazindikira zimenezi, moti mu 1989 anayamba kuika ndime ya mtengo woyenera m'migwirizano yawo ndi makampani, ngakhale kuti anadzaichotsanso mu 1995. Ndimaganizira kwambiri za malabotale ndi zipatala za kuno kwathu, zomwe zimayesera anthu akunja mankhwala, katemera ndi mbewu. Ntchito yawo yambiri ndi ya mtundu wa a Mitsuya. Chigamulo cha ku America sichimanga khoti la ku Malawi kapena la ku Zambia, koma patenti ya mankhwala otero imakatengedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo malamulo a kumeneko ndiwo amakagwira ntchito.

Woyesa akakhala wotulukira

Munthu asachoke pano ndi maganizo oti woyesa sangakhale wotulukira. Mlandu wa mankhwala a khansa a Erbitux unayamba mofanana ndi wa AZT koma unatha mosiyana. A Joseph Schlessinger ndi anzawo a ku kampani ina anapanga ma antibody, tinthu ta chitetezo cha m'thupi tomwe timakamamatira pa maselo a matenda, n'kupereka ena kwa akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel: a Michael Sela, mayi Esther Aboud-Pirak ndi mayi Esther Hurwitz. Atatuwa anakonza okha kafukufuku wawo, ndipo anapeza chinthu chimene palibe ankachiyembekezera: antibody ikangosakanizidwa ndi mankhwala a khansa, osachita kuilumikiza nawo, ziwirizo zimagwira ntchito mwamphamvu kuposa chilichonse pachokha. Kampani inatenga patenti pa zimenezi n'kulemba maina a anthu ake okha. Mu 2006 khoti la ku New York linachotsa maina onsewo n'kuikapo a akatswiri atatu a ku Weizmann. Wopereka zipangizo anali atapereka zipangizo basi, ganizo linaima kwa oyesa. Nthambi ya mlandu womwewu inafika ku House of Lords, khoti lalikulu la ku Britain pa nthawiyo, mu 2007, kumene lamulo la 1977 limati wotulukira ndi amene analingalira chinthucho kwenikweni, ndipo Lord Hoffmann anati choyamba ndi kupeza mtima wa chotulukiridwacho, kenako n'kufunsa amene anabwera nawo.

Kukula kwa gawo nako sikuwerengedwa ngati malipiro a ganyu. Pa mlandu wa Ethicon ndi U.S. Surgical wa 1998, a Young Jae Choi, katswiri wa zamagetsi amene anathandiza Dr. InBae Yoon kukonza chida chochitira opaleshoni, anapezeka kuti anathandiza kulingalira ndime ziwiri zokha mwa ndime 55 za patenti, zomwe pa ntchito yathu timazitcha ma claim. Ziwirizo zinawapatsa umwini pa patenti yonse. Iwo anapereka chilolezo kwa kampani yomwe inkaimbidwa mlandu, ndipo mlanduwo unathera pomwepo. Izi ndi zimene Barr inkafuna kuchita ndi maina a a Broder ndi a Mitsuya.

Tsiku lina mu ofesi mwanga munabwera anthu awiri, mphunzitsi wa sekondale ndi bambo wina wowotcherera zitsulo. Anali ndi makina ang'onoang'ono opukusa ndi dzanja otongolera chimanga. Aphunzitsiwo anabwera ndi kope la ana asukulu momwe anajambulamo makinawo, tsamba lililonse lili ndi deti pamwamba monga amachitira pa bolodi. Iwo anati, "Aloya, nzeru ndi zanga, awa ndinawalipira ntchito yawo." Bambo aja anakhala chete, chipewa chili pa bondo. Nditawafunsa ngati anapanga ndendende zomwe zinali m'kopemo, anati oyamba anawapanga choncho, koma ankaphwanya chimanga ndipo zitsononkho zinkatsamwa pakamwa pa makinawo. Anatenga masabata angapo akusintha, mpaka anapendeketsa mano a chitsulo n'kuika sipuling'i yoti pakamwapo pazitseguka molingana ndi kukula kwa chitsononkho. Ndinatsegula kope lija tsamba ndi tsamba, aphunzitsi akuyang'ana. Mano opendekeka munalibe, sipuling'i munalibe. Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, makina ngati amene munajambulawa alipo kale ambiri. Chatsopano chomwe tingachiteteze ndi mano awa ndi sipuling'iyi, ndipo anaziganiza ndi bambowa." Kulipira kungakupatseni umwini ngati munagwirizana choncho, koma sikumakusandutsani wotulukira. Ndi mpata uja Jaji Mayer anausiya: kuyesa kunalephera, ndipo wokonza cholepheracho ndi amene anabweretsa ganizo latsopano. Pa fomu tinalemba maina onse awiri, chifukwa panali ndime ina ya kagwiridwe ka chogwirira yomwe inachokeradi m'kope, ndipo za kagawidwe ka ndalama tinazilemba pa pepala lina.

Vuto lomwe ndimakumana nalo kawirikawiri ndi la ulemu. Kwathu kuno timazolowera kuyamba ndi dzina la wamkulu: mkulu wa dipatimenti, mwini kampani, amene anapeza thandizo la ndalama. Pa lipoti la kafukufuku zimenezo zimachitika ndipo anthu amazimvetsa. Pa patenti, kulemba dzina la bwana amene sanalingalire nawo kanthu, kapena kusiya la wophunzira amene analingaliradi, ndi kupatsa mdani chibonga choti adzakumenyereni m'khoti. Ndimawafunsa mmodzimmodzi, ndime ndi ndime: mbali iyi anayamba kuitchula ndani, linali liti, ndipo zinalembedwa pati? Nthawi zina yankho limakhala mu meseji ya WhatsApp ya usiku wina chaka chatha, ndipo ndimawauza kuti foniyo asaitaye.

A Mitsuya ndi a Broder sanasiye ntchito chifukwa cha AZT. Ndi maselo omwewo a ATH8 anayesa mankhwala ena a banja lomwelo, koma ulendo uno anasankha okha oti ayese, n'kuona okha kuti ddI ndi ddC akhoza kulimbana ndi HIV. Pa patenti ya kagwiritsidwe ntchito ka ddI maina awo analembedwa ngati otulukira. Mwini wake linali boma la America, lomwe linapereka chilolezo ku kampani ya Bristol-Myers, ndipo mankhwalawo anavomerezedwa mu 1991, chaka chomwe Barr inatengeredwa kukhoti.